Anachotsedwa Ntchito Chifukwa Chosadikira Phwete

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale mayi anga. Ndichilemba pano msangamsanga ndisanasinthe maganizo.

Mwezi wathawu kusukulu kwathu, kuno ku Inglewood, kunali mayeso osankha ana oti adzachite sewero lotsekera chaka. Ndinalembetsa nawo. Kunyumba ndinakanena kuti ndinayesedwa koma sananditenge. Limenelo linali bodza. Chimene chinachitika n'chakuti ndinakwera pasiteji, ndinayankhula mawu anga oyamba, ana onse amene anali m'holo anaseka, ine mutu unabalalika. Ndinatsika, ndinathawira kuchimbudzi, ndipo ndinakhala mmenemo mpaka belu linalira. Aphunzitsi a zisudzo andifunafuna kawiri konse, ine ndikungowazemba.

Dzina langa ndine Corinne. Ndili ndi zaka 16. Ndine mwana uja amene m'kalasi yankho amalidziwa koma dzanja limamulemera.

Koma nkhani ino si yanga kwenikweni. Ndi ya azakhali anga, a Odessa Tarver, achemwali awo a bambo anga. Ngati munakula mukuonera sewero lanthabwala lija la "Pakona pa Delmar" Lachinayi lililonse, ndiye kuti mukuwadziwa. Ndi aja ankakhala Mayi Birdie, eni ake a malo ochapira zovala, aja ankati akapsa mtima amayamba kugogoda nsapato pansi mpaka mwini nyumba kutuluka chothawa. Anakhala pa kanema zaka zisanu ndi zinayi. Mpaka lero anthu amawaimitsa m'sitolo, amvekere, "Mayi Birdie, tagogodani pang'ono chabe!" Iwo amagogoda ndithu, ngolo yogulira zinthu ili m'manja.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ntchito yawo yoyamba pa kanema inatha m'sabata imodzi. Inenso sindinkadziwa. Ndinazimva dzulo, ndipo ndinazimva chifukwa cha bodza langa lomweli.

Dzulo, Lamulungu, titaweruka kutchalitchi tinakadya kwa azakhaliwo monga mwa masiku onse. Tili pakati pa nkhuku ndi makaroni a tchizi, bambo anga anangoti, "Achemwali, mwana wanu uyu ku sewero kuja sanamutenge."

Azakhali anaika foloko pansi. "Ndani sanamutenge? Mphunzitsi wake dzina ndani?"

Bambo anati, "Ayi, ayi, musakamumenye. Munthuyo ali ndi ana."

"Vernon, idya uzikhala chete. Corinne, tiye kuno."

Ananditengera kugalaja. Mmenemo mulibe galimoto, muli thabwa lalikulu loyala pansi limene amavinirapo. Anandikhazika pa kabokosi. Anati, "Ukuganiza kuti ndiwe woyamba kukanidwa m'banja muno? Tchera khutu."

Nkhani imene anandiuza ndi iyi.

Lolemba lina m'mawa, ali ndi zaka 27, azakhali anafika pageti la situdiyo ina ku Burbank atanyamula bokosi la madonasi oti akagawire anzawo kuntchito. Mlonda anayang'ana pa pepala lake, anatembenuza, anayang'ananso.

"Dzina lanu palibe, mayi."

"Taonaninso bwino. Tarver. Sabata yonse yathayi ndimalowa pano. Inu nomwe munkandipatsa moni."

"Ndikukukumbukirani. Koma palibe." Mlondayo anawayang'ana mwachisoni, kenako anayang'ana bokosi lija. "Kaya madonasiwo mungasiye?"

Umu ndi mmene anadziwira kuti awachotsa ntchito. Panalibe amene anawauza. Anakakhala pamalo odikirira basi, anatsegula bokosi, nayamba kudya akulira.

Apa bambo anga anali atafika pakhomo la galaja, mbale ili m'manja. "Anandiimbira foni tsiku limenelo," anatero. "Kulira, pakamwa podzaza madonasi. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinkayesa kuti wina wamwalira."

"Ndi ine ndinamwalira, chitsiru iwe," anatero azakhali. "Tachoka."

Kuti mumvetse chimene chinalakwika, ndiyambe kumbuyo pang'ono.

Azakhali anabadwira ku Gary, ku Indiana. Mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka 11, bambo anga ali ndi zinayi zokha. Agogo aamuna ankagwira ntchito ku fakitale yosungunula zitsulo ndipo ankabwera kunyumba atatheratu, moti amene ankasambitsa kamwanako, kukaphikira ndi kukaperekeza kusukulu anali azakhali. Chinthu chokha chimene chinali chawochawo chinali Loweruka masana. M'chipinda cha pansi pa tchalitchi chawo, mkulu wina wopuma pa ntchito, a Ezell, ankaphunzitsa ana gule wogogoda nsapato. Nsapato zake zimakhala ndi tizitsulo kuphazi. Azakhali analibe, ndiye anakhomera zitsekerero za mabotolo pansi pa nsapato zawo za kusukulu.

A Ezell anali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ankalinena akumenyetsa ndodo pansi. "Ng'oma sidikira munthu! Anthu aombe m'manja, osaima. Mwana alire, osaima. Denga ligwe, osaima. Ukaterereka, ugwe pa nthawi yake, udzukenso pa nthawi yake."

Lamulo limeneli linawalowa m'mafupa. Ndi limene linawafikitsa ku Los Angeles ali ndi zaka 21, ndi chikwama chimodzi. Anavina kumbuyo kwa oimba, anavina m'mauthenga otsatsa malonda, anavina paliponse pamene panali thabwa. Otsogolera magule ankawakonda chifukwa sankasokonezeka. Tsiku lina nsapato inavuka ali pasiteji ndipo anamaliza gule wonse ndi imodzi.

Kenako bondo lakumanzere linakana. Dokotala anawauza kuti kuvina tsiku ndi tsiku kwatha. Anali ndi zaka 25, sukulu sanapite nayo patali, luso lina analibe. Anati ndiye ayese zisudzo. Zaka ziwiri anayendera mayeso, kukanidwa ndi kukanidwa, mpaka anapatsidwa malo m'sewero lina lanthabwala la pa kanema. Anati akhale mayi woyandikana nyumba ndi banja la m'seweromo, ndipo akachita bwino azikhalamo nthawi zonse.

Masewero amenewa amakonzekera kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi m'situdiyo yopanda anthu. Lachisanu madzulo ndiye amalowetsa anthu mazana awiri, amawakhazika pa mipando, makamera anayi n'kuyamba kujambula. Kuseka kumene mumamva pa kanema kuja ndi kwa anthu amenewo. Masiku anayi onse okonzekera azakhali sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Koma masiku anayi onsewo panalibe woseka.

Lachisanu linafika. Analowa m'khitchini ya m'sewero atanyamula poto, n'kunena mawu awo: "Ndabweza poto wanu. Nyemba zanu zija ndinapatsa galu wanga, koma nayenso wati ndikubwezereni."

Anthu anafa nalo phwete. Situdiyo yonse inagwedezeka.

Azakhali sanaime. Anapitiriza kuyankhula, mawu achiwiri, achitatu, onse akumira m'chikhakhali cha anthu. Mwini sewero, bambo wina wotchuka nthawi imeneyo, nthabwala yake inkadalira mawu achiwiri aja. Ataiponya, palibe amene anaseka, chifukwa palibe amene anamva chimene akuyankha.

Wotsogolera anayankhula pa chokuzira mawu. "Imani. Odessa, dikira anthu aseke kaye. Tiyambirenso."

Anayambiranso. Anthu anasekanso. Azakhali anandiuza kuti mutu wawo unkadziwa bwinobwino kuti ayenera kudikira, koma thupi linakana. M'makutu mwawo phokoso la anthu linali ngati kuomba m'manja kwa ku Gary, ndipo ndodo ya a Ezell inali kugunda pansi. Anangomva pakamwa pawo pakupitiriza pokha.

Kachitatu, chimodzimodzi. Pofika kachinayi anakwanitsa kudikira, koma anthu anali atamva za galuyo kanayi konse. Palibe anaseka. Azakhali anaima ndi poto wawo m'chete woopsa, akudikira phwete limene silinabwere.

Mwini sewero uja sanatsitse n'komwe mawu. "Mtsikanayu mwamutola kuti? Akuthamangira basi yanji?"

Lolemba lake ndi lija la madonasi.

Bambo anga anawauza pafoni kuti angobwerera kwawo. Iwo anayankha kuti, "Ndikabwera kumeneko, a Ezell ndikawauza chiyani?"

Tauni ino ya Los Angeles ndi yaikulu kwa anthu ena onse, koma kwa a zisudzo ndi kamudzi. Mbiri inawanda kuti kuli wovina wina wosamva. Munthu amene ankawafunira ntchito anasiya kuwaimbira. Anapeza ganyu yopinda zovala pa malo ena ochapira, kwa Mayi Quintero, ndipo chaka chathunthu chinatha osaitanidwa ku mayeso alionse.

Tsiku lina anamva kuti ku situdiyo komwe kuja akufuna anthu olondolera oonerera pa mipando. Mnzawo amene ankakhala naye chipinda chimodzi anati, "Iwe Dessa, manyazi ulibe? Komwe anakuthamangitsa komweko?"

"Manyazi ndili nawo, odzaza thumba. Koma geti lake ndi lomwelo, lina kulibe."

Anawapatsa jekete lofiira ndi tochi. Lachisanu loyamba anawatumiza ku sewero lomwe lija. Anaima kumbuyo, akuona mayi wina akulowa m'khitchini ija, pakhomo lomwe lija. Pa nthawi yopuma mwini sewero anadutsa pafupi nawo, anawapatsa kapu yake ya khofi yotha kuti akataye, osawazindikira n'komwe. Azakhali anakalira m'kachipinda kosungira matsache.

Sabata yachiwiri analiranso. Yachitatu anatopa nako kulira, ndiye anayamba kumvetsera.

Apa azakhali anadzuka pampando, anaima pa thabwa lawo. "Corinne, unayamba wamvetserapo phwete? Sindikunena kulimva. Kulimvetsera."

Ndinapukusa mutu.

Anati ataima kumbuyo kwa anthu aja, zala za kumapazi zinayamba kugunda zokha m'kati mwa nsapato, kuwerenga monga amachitira ovina. Ndipo anapeza kuti phwete lili ndi kayendedwe kake. Limayamba ndi anthu awiri atatu, limakwera, limafika pamwamba, kenako limathyoka n'kuyamba kutsika. Ukayankhula likadali kukwera, mawu ako amira. Ukadikira mpaka litheretu, moto wazima, uyambanso kukoleza. Akatswiri amalowa pamene langothyoka kumene. Ndipo podikirapo sangoima ngati mtengo. Wina amakweza nsidze, wina amapukuta kapu, wina amangoyang'ana mnzake, n'kulikulitsa phwetelo popanda liwu.

Anagula kabuku kakang'ono. Lachisanu lililonse ankalembamo. Nthabwala yaing'ono, kugunda katatu. Yaikulu, kasanu ndi katatu. Amayi a kutchalitchi obwera pa basi imodzi amachedwa kuyamba koma akayamba saleka, chifukwa amasekanso kaseko ka mnzawo. Ana a ku koleji amaseka msanga n'kudula mwadzidzidzi. Kukagwa mvula anthu amauma. Kukatentha amatopa pofika chigawo chachitatu.

"A Ezell sananame," anatero azakhali. "Ng'oma sidikiradi munthu. Ine cholakwa changa chinali chimodzi: sindinadziwe kuti m'situdiyo muja oimba ng'oma ndi anthu aja. Akamaseka, gule sanaime ayi. Yangokhala nthawi yawo."

Ankayeserera kwa Mayi Quintero. Munthu akabwera kudzatenga zovala, ankamuponyera kanthabwala, n'kudikira, akuwerenga ndi chala cha kuphazi. Mayi Quintero ankakuwa ali kumbuyo, "Odessa! Pinda mashitiwo! Kuno si pa kanema!"

Zaka zinayi. Ndikamaganiza zimenezi ndimachita mantha. Zaka zinayi ndi nthawi yonse imene munthu amakhala ku sekondale. Zaka zinayi za jekete lofiira, "Bwerani uku, bambo," "Samalani sitepe, mayi," anzawo amene anayamba nawo limodzi akuoneka pa kanema. Anati kawiri konse analongedza chikwama. Kawiri konse anamasulanso, chifukwa Lachisanu linali pafupi ndipo ankafuna kumva kuti anthu a sabata imeneyo aseka bwanji.

Lachisanu lina, akujambula sewero lina, magetsi a pasiteji anawonongeka. Anati adikire mphindi khumi. Khumi zinakhala makumi atatu, kenako ola. Pamakhala munthu wosangalatsa oonerera pa nthawi yopuma, koma tsiku limenelo nthabwala zinamuthera, masiwiti ogawa anamutheranso. Anthu anayamba kutola majekete awo. Ndipo anthu akatuluka, kujambula kwafa, chifukwa palibenso woseka.

Palibe amene anawatuma. Azakhali anangoona banja lina likulunjika kukhomo, anatsika pa sitepe ya matabwa ya kutsogolo, anaika tochi pansi, nayamba kugogoda. Nsapato wamba, zopanda tizitsulo, bondo lowawa. Poyamba pang'onopang'ono. Banja lija linaima. Ena anayamba kuomba m'manja motsatira.

Mkulu wina wa pamzere wachiwiri, atakhala ndi akazi ake, anakuwa, "Mayi, bondolo likulira kuposa nsapato!"

Azakhali anamuyang'ana. "Bambo, bondo ili lagwira ntchito zaka makumi awiri. Lanulo lagwirapo ntchito yanji, kupatula kugwadira amayiwa popepesa?"

Anthu anagwa nacho chikhakhali.

Ndipo azakhali anadikira. Anakonza kolala ya jekete. Anayang'ana mayi aja, anayang'ananso bambo aja. Chala cha kuphazi chikuwerenga: zisanu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Litangothyoka phwete lija, anati, "Ndipo mmene akhaliramu, sanakukhululukirenibe."

Lachiwirili linaposa loyamba. Mayi aja ankamenya amuna awo paphewa, misozi ili mbwee. Palibe anatuluka. Azakhali anawagwira anthu aja mpaka magetsi anayaka.

Atatha kujambula, akutola mapepala a masiwiti pansi pa mipando, kunabwera mayi wina wa magalasi, mmodzi wa olemba sewerolo. Dzina lake Lenore Baskin.

"Si inu munapha nthabwala ya poto ija?"

Azakhali anafuna kukana, koma anati, "Ndine."

"Inali yanga. Yoyamba pa moyo wanga kuti ailowetse m'sewero. Ndinaitanitsa mayi anga kuchokera ku Fresno kuti adzaimve."

"Pepani, achemwali. Pepani zedi."

"Kudikira kuja mwakuphunzira kuti?"

Azakhali analoza kumbuyo kwa mipando. "Apo."

Mayi Baskin anayang'ana kumene analozako. Kenako anati, "Ndikulemba sewero langalanga. Mubwere Lachiwiri adzakuyeseni. Koma mukandipheranso ina, ndidzakukwirirani ndi manja angawa."

Musaganize kuti zinangotheka pomwepo. Anawayesa kasanu. Mabwana ankafuna munthu wa dzina lodziwika kale, ndipo mmodzi wa iwo ankaikumbukira mbiri ija ya wovina wosamva. Mayi Baskin anakakamira mpaka anawalola kuti aoneke kamodzi kokha. Za malo ochapira zovala zija zinachokera kwa azakhali eni ake, chifukwa pa mayeso ankapinda thaulo akudikira, ndipo palibe amene anali ataonapo munthu akupinda thaulo mwaukali chotero.

Lachisanu la kujambula, ataima kuseri kwa chitseko cha m'sewero, ankadikira nthawi yawo yolowa. Anati ankamva fungo la madonasi ngakhale panalibe madonasi. Chitseko chinatseguka. Analowa, ananena mawu awo. Anthu anaseka. Iwo anatenga thaulo, anapinda kamodzi, kawiri, anayang'ana mwini nyumba kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Phwete linakwera, linakweranso. Anawerenga mpaka khumi ndi chimodzi.

Kamodzi kaja kanakhala zaka zisanu ndi zinayi.

A Ezell anaonera chigawo choyambacho ali m'nyumba yosungira okalamba ku Gary. Anatumiza kakalata ka mzere umodzi: "Ndakuona ukuima. Ndani anakuphunzitsa zimenezo?" Azakhali anayankha kuti, "Inu nomwe, kungoti ndinachedwa kumva."

Sindikufuna kunama kuti kuyambira pamenepo zonse zinali zokoma. Mphoto yaikulu imene amapatsa akatswiri a pa kanema sanaipatepo. Sewero litatha anakhalanso zaka zingapo osaitanidwa, chifukwa aliyense ankangowaona ngati Mayi Birdie. Anachita timbali ting'onoting'ono, lero namwino, mawa woweruza milandu. Koma anagula nyumba imene timadyamo Lamulungu lija, anaitanitsa bambo anga kuchoka ku Gary, ndipo Loweruka lililonse galaja lawo limadzaza ndi ana a m'dera lathu ophunzira kugogoda. Pano ali ndi zaka 66 ndipo bondo lija anaikamo lachitsulo. Amati tsopano ali ndi zitsulo zitatu zovinira, ziwiri kuphazi, chimodzi m'kati.

Atamaliza kufotokoza anabwera pamene ndinakhala, anandigwira chibwano.

"Waona? Iwe unakwera pamenepo, unanena mawu ako onse mpaka kumapeto, iwo sanakutenge. Palibe chochititsa manyazi. Amene amamaliza ndi wanga. Ndikukunyadira, mwana wanga."

Ndinangoti, "Zikomo, azakhali."

"Ndipo Lachitatu ndikupita kusukulu kwanuko ndikaonane ndi mphunzitsiyo."

Bambo ali pakhomo, "Ndinanena ine."

"Sindikukamenya munthu, Vernon. Ndikukafunsa chimene mwanayu analakwitsa kuti tichikonze. Ine zinanditengera zaka zinayi chifukwa panalibe wondiuza. Uyu zisamutengere zinayi."

Ndiye lero ndi Lolemba. Ndikulemba izi m'laibulale ya pasukulu, pa nthawi ya nkhomaliro. Lachitatu azakhali akalowa mu ofesi ya aphunzitsi a zisudzo, atavala chipewa chawo chabwino chija, n'kumva kuchokera kwa mlendo kuti mwana amene akumunyadira sanamalize ngakhale mawu achiwiri. Sindikuopa kukalipiridwa. Ndikuopa nkhope imene adzakhale nayo pamaso pa aphunzitsiwo.

Chinanso chikundivutitsa. Kuyambira dzulo ndakhala ndikuganiza za mawu amene ndinanena pasiteji paja. Anali mawu a mtsikana amene akuuza mayi ake kuti wawotcha khitchini koma keke yapulumuka. Anali oseketsa. Anawalemba kuti anthu aseke. Mwina ana aja ankaseka ine, mawu anga onjenjemera, kaya. Koma mwinanso ayi. Sindidzadziwa, chifukwa sindinakhalepo kuti ndimve.

Ndikudziwa kuti si ine woyenera kulangiza munthu. Koma inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali pamene munalakwitsa anthu akuona, ndipo mpaka lero malo amenewo mumawalambalala. Azakhali anga anabwerera pageti lomwelo. Sanabwerere ngati katswiri, anabwerera ndi jekete lofiira ndi tochi, anatola zinyalala pansi pa mipando, ndipo chimene chinawagwetsa ndi chomwecho anachiphunzira mpaka chinakhala luso lawo lalikulu. Musataye mtima, abale anga. Ngati khomo lakutsogolo lakukanani, lowerani lakumbali, mukaime kumbuyo, mutchere khutu. Ndikuuza inu, koma ndikudziuzanso ndekha.

Belu lalira.

Lero ndi Lachiwiri. Ndikuwonjezera izi zochepa.

Nditaweruka sindinapite kunyumba. Ndinakwera basi ya kwa azakhali. Kawiri ndinafuna kutsika panjira. Ndinawapeza m'galaja, atakhala pa kabokosi kaja, magalasi ali pamphuno, akumanga timisomali ta chitsulo cha nsapato ya mwana wina.

"Iwe, lero si Lamulungu. Kwagwanji? Bambo ako awotcha nyumba?"

"Ayi."

"Wadya?"

"Azakhali, mawa musapite kusukulu."

Anaika nsapato ija pansi, anavula magalasi. Anangondiyang'ana.

Ndinayang'ana thabwa. Ndinanena, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono, ngati a munthu amene ali pansi pa bulangete. Ngakhale ine mwini sindinadzimve.

Azakhali anaika dzanja kukhutu. "Chiyani? A mipando yakumbuyo sanamve. Kwera pathabwapo, dzutsa mutu, unenenso."

Ndinakwera. Ndinapuma kamodzi, ndinawayang'ana m'maso.

"Ndinanama, azakhali. Sanandikane. Anthu anaseka, ine ndinathawa. Koma ndikufuna kubwererako."